Nyumba Yathu Inakana Kulowa m'Kompyuta

Mwana wa mlongo wanga atamaliza maphunziro a zamakompyuta m'chaka cha 2022, sanadikire kuti wina amulembe ntchito, pakuti ankadziwa kuti ntchitoyo kulibe. Anabwerera kwa amayi ake ku Chipadze, m'tauni ya Bindura, nadzitsekera m'chipinda miyezi ingapo akulemba pulogalamu ya pafoni yothandiza anthu kupeza nyumba za lendi. Nditapita kukawaona pa Khirisimasi ya 2023, anandikhazika pampando n'kunditsegulira kompyuta yake monyadira.

"Malume, tayesani inu," anatero. "Lembanimo nyumba iliyonse imene mukuidziwa bwino, tione ngati ilowe."

Nyumba imene ndimaidziwa koposa zonse ndi imene ndinabadwiramo, choncho ndinayamba ndi imeneyo. Pulogalamuyo inali ndi timabokosi tinayi toyenera kudzaza munthu asanapitirire: dzina la msewu, nambala ya puloti, dzina la mwininyumba, ndi nambala ya chikalata cha umwini. Ndinakhala duu, zala zili pamabatani. Msewu wathu unalibe dzina. Tinkangoti mzere wachitatu kuchokera kumpopi. Puloti panalibe. Mwininyumba anali mgodi, ndipo mgodiwo unatsekedwa kalekale. Chikalata sitinachionepo ndi maso. Nditasiya timabokosi tonse osalembamo kanthu n'kudina kuti ndipitirire, kompyuta inandiyankha ndi malembo ofiira kuti zimene ndapereka n'zosakwanira. Mnyamatayo anaseka, nanenso ndinaseka, koma usiku umenewo tulo tinandivuta.

Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, m'masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anali mmodzi mwa amuna zikwizikwi amene anawoloka Zambezi ku Tete kulowera ku Halale kukasaka ndalama ya msonkho ndi ya bulangete, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito limene kwathu ankalitcha Mthandizi, ena paokha, wapansi. Ambiri anathera m'mafamu a fodya ndi m'migodi ya m'chigwa cha Mazowe: ku Shamva, ku Mazowe, ndi ku Bindura, tauni imene ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakum'mawa kwa Harare. Agogo anapeza ntchito pa mgodi wina waung'ono wa golide, anakwatira mwana wa mchona mnzawo, ndipo iwonso anasanduka mchona.

M'komboni ya mgodi, nyumba inkayendera limodzi ndi ntchito. Ukalembedwa ntchito unkapatsidwa nambala ndi kiyi. Ukachotsedwa, kapena ukakalamba, unkabweza zonse ziwiri. Tsono pofuna kuti banja lisagone panja, mwana wamwamuna ankayenera kulowa m'mgodi bambo ake asanapume, ndipo umu ndi mmene bambo anga analowera pansi ali ndi zaka 18. M'nyumba ya zipinda ziwiriyo munabadwira mibadwo iwiri. Panja pake agogo aakazi anabzala mtengo wa mango ndi nkhwani. Lamlungu gule ankatuluka kumanda a komboni, Asilamu anali ndi mzikiti wawo, ife tinali ndi tchalitchi chathu, ndipo bungwe la maliro linkasonkhetsa ndalama mwezi ndi mwezi. Kwa ine kumeneko kunali kumudzi. Koma mgodi utatsekedwa, ine ndili ku sekondale, tinauzidwa ndi kalata ya tsamba limodzi kuti tinali alendo m'nyumbamo nthawi yonseyi. Anzathu Achishona ananyamula katundu kupita kumidzi kwawo. Ife, amene ankatitcha Mabhurandaya, ngati kuti tonse tinachokera ku Blantyre, tinalibe mudzi woti n'kupitako m'dziko limene tinabadwira.

Zimenezi sizinagwere banja lathu lokha. Mu 2001 lamulo la unzika la Zimbabwe linasinthidwa, ndipo anthu ambiri obadwa kwa makolo a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia anapezeka kuti zitupa zawo zikuwatchula kuti ndi alendo. Kuyambira mu 2000, kulandidwa kwa mafamu kunachotsa antchito ochuluka m'makomboni a m'mafamu. Mu May 2005 kunabwera Murambatsvina, kugwetsa kwa nyumba zomangidwa popanda chilolezo m'matauni, kumene lipoti la United Nations lolembedwa ndi Anna Tibaijuka linati kunasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda pokhala kapena popezera ndalama. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linali nzika ya dziko la m'chigawo cha SADC, ndipo chimenecho chinali chinthu chachikulu. Koma unzika unabwera wopanda puloti. Ndi chifukwa chake timabokosi tinayi tija tinandisowetsa tulo: tinafunsa mafunso omwewo amene akhala akutifunsa ndi kutilepheretsa kwa zaka 70.

Kutacha ndinamufunsa mnyamatayo funso limene munthu wamalonda aliyense ayenera kuyamba nalo: adzakulipira ndani? Apa ndinaona kuti nkhaniyi anaiphunzira ndithu. Anandifotokozera kuti makampani akuluakulu a ntchito imeneyi, monga Zillow ya ku America imene inayamba mu 2006, kapena Property24 ya ku South Africa, salipiritsa munthu wosaka nyumba. Iye amaona zithunzi ndi mitengo mwaulere. Olipira ndi maejenti ogulitsa nyumba, amene amagula malo otsatsirapo malonda ndi mwayi wolumikizidwa ndi ogula. Vuto la malonda oterewa, iye anati, ndi loti ali ndi makomo awiri: osaka nyumba sabwera ngati mulibe nyumba zambiri, ndipo eninyumba sabwera ngati mulibe osaka ambiri. Woyamba kumene ayenera kusankha kadera kamodzi kakang'ono n'kukadzaza kaye, asanalote za dziko lonse.

Madera oti asankhe anali awiri. Loyamba linali la ophunzira. Bindura ili ndi mayunivesite awiri: Bindura University of Science Education, imene inakhala yunivesite yoima payokha mu 2000, ndi Zimbabwe Ezekiel Guti University, imene inatsegulidwa mu 2012. Malo ogona a pasukulu sakwana, kotero ophunzira ambiri amachita lendi zipinda ku Chipadze, ku Chiwaridzo ndi ku Aerodrome. Koma mnyamatayo ankaona kuti msika umenewu ndi wosauka, pakuti wophunzira amayenda ndi ndalama yowerengedwa ndi makolo. Maso ake anali pa dera lachiwiri, kumene ankati ndalama ikusefukira: ku Kitsiyatota.

Kitsiyatota ndi dera la migodi ing'onoing'ono ya golide kunja pang'ono kwa tauni ya Bindura, kufupi ndi mgodi waukulu wa Freda Rebecca. M'Chishona mawuwa amatanthauza kuti mphaka wanyowa. Kumeneko kumasonkhana makorokoza, anthu okumba golide ndi manja, ochokera m'zigawo zonse za dziko. Ena mwa iwo ndi ana a makomboni, amene makolo awo anali ndi nambala ndi kiyi. Mgodi wa nickel wa Trojan utaimitsa ntchito kumapeto kwa 2008, ndiponso utagwanso m'mavuto mu 2023, mabanja ambiri a ku Bindura anatsala akudalira golide wa m'maenje. Ndipo si ntchito yocheperapo ayi: mwa matani oposa 36 a golide amene anaperekedwa ku kampani ya boma yogula golide mu 2024, oposa theka anachokera kwa okumba ang'onoang'ono. Mnyamatayo ankawerengera motere: anthu zikwi, onse ali ndi mafoni, onse amagwira madola a ku America, onse amafuna pogona. Akangotenga kagawo kakang'ono pa lendi iliyonse, basi walemera.

Ndinamuuza kuti safunsa anadya phula, ndipo kuti tili ndi munthu wathu kumeneko. Mwana wa amayi anga aang'ono, amene mwa chikhalidwe chathu ndi mlongo wanga, amaphika nsima n'kumagulitsa ku Kitsiyatota, ndipo ali ndi tizisakasa tisanu ta mitengo ndi mapulasitiki akuda timene amachititsa lendi. Tinapitako tsiku lachiwiri la chaka chatsopano.

Chimene chimayamba kukulonjera kumeneko ndi phokoso: majenereta, makompuresa ndi zigayo zophwanya miyala. Nthaka yonse ndi maenje ndi milu ya dothi lofiira, ndipo njira imene unadutsa mwezi watha ukhoza kuipeza itasanduka dzenje. Tinapeza mlongo wanga akuomola nsima. Atatipatsa madzi osamba m'manja ndi kutidyetsa, mnyamatayo anatulutsa foni nayamba kufotokoza: tizisakasa tija adzatijambula, adzatiika pamapu, ndipo aliyense wofuna pogona adzangodina n'kulipira kudzera pa EcoCash.

Mlongo wanga anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka analowa m'chisakasa, natulukamo ndi kabuku kasukulu kokutidwa ndi pepala la shuga.

"Mwana wanga, pulogalamu yanga ndi iyi," anatero.

Tinakatsegula. Munalibe dzina lenileni la munthu ngakhale limodzi. Munali maina opatsana kumaenje, ndipo pambali pa dzina lililonse panali dzina lina, la amene anamubweretsa. Anatifotokozera kuti salandira munthu wongotulukira. Wofuna pogona amabwera ndi womuimira, kawirikawiri mwinidzenje kapena wothandizira gulu ndi chakudya ndi zida, ndipo akathawa ndi ngongole, womuimirayo ndiye amalipira. Lendi siyendera mwezi. Imayendera chigayo: gulu likakumba masabata awiri kapena atatu, n'kupita ndi matumba a miyala kukagayitsa, tsiku limenelo ndiye la malipiro. Miyala ikabereka, amalipira lendi ndi nsima yonse ya m'mbuyo, ena ndi madola, ena ndi golide weniweni woyezedwa pasikelo. Ikakana, ngongole imadikira ulendo wina. Mtengo nawo susasunthika ayi: mphekesera ikamveka kuti dzenje lina latulutsa, anthu amakhamukira ndipo pogona pamakwera, pakapita masabata angapo, theka la tizisakasa lili pululu.

Mnyamatayo sanafooke. Anati zonsezi zikhoza kulowa m'pulogalamu, n'kungowonjezera timabokosi. Apa ndi pamene mlongo wanga anafunsa funso limene lakhala nane mpaka lero.

"Ukandiika pamapupo, adzaone ndani?"

"Aliyense, amayi. Ubwino wake ndi umenewo."

Anatembenukira kwa ine. "Achimwene, mwanayu simunamuuze za 2005?"

Malo amene iye amachititsa lendi si ake, ndipo amadziwa. Lamulo la migodi la Zimbabwe, la 1961, limaika chuma chonse cha pansi m'manja mwa Pulezidenti, ndipo amene wapatsidwa chilolezo cha mgodi ali ndi mphamvu zazikulu pa zochitika pamwamba pake. Umwini wa maenje a m'derali wakhala wokanganirana. Kuwonjezera apo, kumapeto kwa 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020 migodi ing'onoing'ono ya m'Zimbabwe inavutika ndi magulu onyamula zikwanje olanda golide ndi ndalama. Mndandanda wosonyeza pamene pagona wokumba aliyense, ndi tsiku limene walipira, ndi kuchuluka kwa ndalamazo, ndi mphatso kwa wakuba ndi kwa wogwetsa nyumba yemwe. Chimene mnyamatayo ankachiyesa phindu lalikulu la malonda ake, kuonekera kwa aliyense, ndicho chimene kasitomala wakeyo ankachiopa koposa.

Pobwerera tinayenda chete mpaka pamsewu wa tala. Ine mumtima ndinali wogawanika, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti mbali ina ya mtima wanga inali ndi mnyamatayo. Moyo wanga wonse ndakhala ndikukhulupirira kuti tsoka la banja lathu linali kusalembedwa. Ndili pasukulu ya ukachenjede ndinawerenga buku la Hernando de Soto, katswiri wa zachuma wa ku Peru, lotchedwa The Mystery of Capital, lotuluka mu 2000. Mfundo yake ndi yakuti osauka ali ndi nyumba ndi minda, koma chifukwa chosowa zikalata chuma chawocho n'chakufa: sangachigwiritse ntchito ngati chikole kubanki, ndipo sangachigulitse kwa munthu wosawadziwa. Ndinaona agogo anga m'masamba amenewo. Maboma nawo anatsata njira yomweyo. Rwanda inalemba m'kaundula mapuloti oposa 10 miliyoni pakati pa 2009 ndi 2013. Malawi inakhazikitsa lamulo latsopano la malo a makolo mu 2016, lolola mabanja kulembetsa minda yawo. Ku Zimbabwe, mu April 2023, boma linayamba kugawa zikalata za umwini ku Epworth, kufupi ndi Harare, kwa anthu amene anakhala zaka zambiri pamalo osavomerezeka.

Komatu ku Kitsiyatota ndinaona chimene ndinali ndisanachilingalire. Kulembedwa kumateteza munthu pokhapokha wolembayo atavomereza kale kuti munthuyo ali ndi ufulu wokhala pamene alipo. Chivomerezocho chikasowa, kaundula yemweyo amasanduka mndandanda wa oti achotsedwe. Ndipotu ife a m'komboni tinali olembedwa bwino lomwe. Ofesi ya mgodi inkadziwa nambala ya bambo anga, nambala ya nyumba, ndi chiwerengero cha ana. Kalata yotichotsa sinasochere. Inafika pakhomo loyenera tsiku loyenera. Chimene tinkasowa sichinali kaundula, chinali ufulu, ndipo ufulu sulembedwa ndi mnyamata wa zaka 24 m'chipinda cha ku Chipadze. Umachokera ku nyumba ya malamulo, kukhonsolo ndi kukhoti.

Opanga mapulogalamu ena anazindikira gawo lina la vutoli. Bungwe la UN-Habitat ndi anzake anakonza pulogalamu yotchedwa Social Tenure Domain Model, imene safunsa chikalata, koma imalemba ubale uliwonse wa munthu ndi malo: wochita lendi, wosungira m'bale, wopatsidwa ndi mfumu. Yagwiritsidwa ntchito ku Mbale m'dziko la Uganda ndiponso m'madera ena a Zambia. Koma kumeneko anthu eni ake ndi akuluakulu a boma ankakhala atagwirizana kaye cholinga cha kalemberayo. Ndiponso ngakhale kumene nyumba iliyonse ili ndi nambala ndi mbiri ya mitengo yake, makina amaphonya. Zillow yomwe ija itayamba kugula nyumba yokha motsogozedwa ndi mitengo yowerengedwa ndi kompyuta, inaluza ndalama zambiri, ndipo mu November 2021 inatseka nthambiyo n'kulengeza kuti ichotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a antchito ake. Ngati makina analephera kudziwa mtengo wa nyumba ya ku Phoenix, angadziwe bwanji mtengo wa chisakasa chimene chimadalira zimene chigayo chitulutse Lachisanu?

Mnyamatayo anakwiya masiku angapo, kenaka anachita chimene ndimachiona kuti n'chanzeru. Anaisiya Kitsiyatota n'kubwerera kwa ophunzira amene ankawanyoza aja. Anayenda khomo ndi khomo ku Chipadze ndi ku Chiwaridzo, ndipo kumenekonso anaphunzira kuti eninyumba ambiri alibe chikalata m'manja: ena nyumba ndi ya malemu bambo awo yosasinthidwa dzina, ena akali kulipira kukhonsolo, ena ndi alendi amene akuchititsanso lendi chipinda chimodzi. Anachotsa kabokosi ka chikalata. M'malo mwa dzina la msewu anaika malo olembapo mmene munthu angafikire panyumbapo. Anasiya zokakamiza anthu kutsitsa pulogalamu yodya mabandulo, nasamutsira zonse pa WhatsApp. Mitengo anaisiya m'madola a ku America, chifukwa ndalama ya dziko inasinthanso mu April 2024 pamene ZiG inabwera, ndipo eninyumba ankafuna ndalama imene akuidziwa. Sanalipiritse wophunzira. Analipiritsa mwininyumba kandalama kochepa chipinda chikadzaza, kamodzi pa teremu. Sanalemere, koma anasiya kupempha amayi ake ndalama ya mabandulo.

Ine ndinkayesa kuti nkhani ya Kitsiyatota yathera pomwepo. Koma mvula ya kumayambiriro kwa 2025 inagwa yamphamvu, ndipo usiku wina madzi analowa m'chisakasa cha mlongo wanga. Kabuku kaja kananyowa, inki inasungunuka, ndipo masamba a miyezi iwiri anamatirirana. Amene anali ndi ngongole ena anavomera, ena anakana kuti sakukumbuka. Patapita sabata, mnyamatayo analandira uthenga pafoni: zithunzi zitatu za masamba a kabuku katsopano, ndi mawu ojambulidwa.

"Mwana wanga, undisungire izi. Usaonetse munthu, usalembe kumene ndili. Ndizikutumizira Lamlungu lililonse."

Mpaka lero amatumiza. Amayi ena awiri ophika nsima pafupi naye anamva, nawonso anayamba kutumiza. Chimene ankafuna sichinali kuti dziko liwaone, koma kuti chikumbumtima cha malonda awo chikhale pamalo pamene madzi ndi moto sizifika, ndipo kiyi akhale nayo iwo okha. Mnyamatayo anandiimbira foni kundifunsa ngati zimenezi n'zoti munthu n'kulipiritsa, ndipo ngati n'zotero, ndalama zingati. Ndinamuyankha kuti afunse amayi akewo, pakuti mtengo wa ngongole zimene zinatayika m'madzi akuudziwa ndi iwo.

Pa Khirisimasi yapitayi anandikhazikanso pampando womwe uja. Kabokosi katsopano kanandifunsa mmene munthu angafikire panyumba, ndipo ndinalembamo kuti: mzere wachitatu kuchokera kumpopi, khomo la mtengo wa mango. Kompyuta inalandira popanda malembo ofiira. Amayi anga, amene tsopano maso awo ndi ofooka, anafunsa chimene tinkaseka. Titawauza, anati mpopiwo anauzula kalekale, pamene panali nyumba pali dzenje la makorokoza, koma mango aja akuberekabe, ndipo wina anawabweretsera awiri chaka chatha. Mnyamatayo anafunsa ngati afufute zimene ndinalembazo, popeza nyumbayo si ya lendi. Amayi anati azisiye.